Kodi Scott Walker analakwa kuthyola msana mabungwe a ogwira ntchito m'boma ku Wisconsin?

Jekapu wa ku South Bend: Abale, dzulo pa nthawi yopuma kuntchito ndinakangana ndi mnzanga wina, mzungu wa chipani cha Republican wotheratu, ndipo kunena zoona anandipanikiza. Iye akuti alibe vuto ndi bungwe la ogwira ntchito pa fakitale. Kumeneko mwini kampani amateteza thumba lake, antchito amateteza lawo, ndipo antchito akanyanya kufuna zambiri kampani imagwa, iwo omwe ntchito n'kuwathera. Ndiye aliyense amadziwa polekezera. Koma m'boma, akuti, bungwe limasonkhetsa ndalama kwa mamembala, n'kuthandiza wandale kuwina chisankho, kenako wandale yemweyo ndi amene amakhala mbali inayo ya tebulo pokambirana za malipiro. Amene alipire zonsezo, wokhoma msonkho, pa tebulopo palibe. Ine ndinangoti kukamwa yasa. Alipo angandithandize yankho? Chifukwa bilu ya msonkho wa nyumba ikabwera, nanenso ndimayamba kuganiza ngati iyeyo.

Kamdothi: Achimwene apita ku America zaka zingapo basi, abwerako ndi chipewa chofiira cha otsatira Trump kkkk

Jekapu wa ku South Bend: Chipewa ndilibe mphwanga. Ndili ndi ngongole ya nyumba.

Aphunzitsi Opuma, Dedza: Bambo Jekapu, ine ndagwira choko zaka 34. Mnzanuyo mukamufunse ngati mphunzitsi sakhoma msonkho. Ife PAYE amatidula ndalama isanafike n'komwe m'manja. Ndiye wokhoma msonkho pa tebulo alipo, ndi ineyo.

Mbwiye wa ku Chicago: Aphunzitsi, mfundo yanu ndi yoona koma siikuyankha funso. Mukawonjezeredwa K100,000, msonkho wanu ungakwere ndi kangachepe. Zotsalazo alipira wogulitsa tomato kudzera mu VAT. Mwapindula inu.

Achimwene a Jekapu, zimene ananena mnzanuyo si zake ayi, ndi mfundo yakale ya ma conservative, anthu a mbali ya chipani cha Republican, ndipo chimene chimawasangalatsa n'chakuti anayamba kuinena ndi munthu wa mbali inayo. Franklin Roosevelt, mtsogoleri wa Democrat amene mabungwe a antchito amamulemekeza ngati kholo, analemba kalata mu 1937 kwa mkulu wa bungwe la ogwira ntchito m'boma, kunena kuti kukambirana za malipiro monga zimachitikira m'makampani sikungatheke m'boma, chifukwa wolemba ntchito kumeneko ndi anthu onse a m'dziko. Sitalaka ya ogwira ntchito m'boma anaikaniratu. Kalata imeneyi ma Republican amayenda nayo m'thumba mpaka lero. Palinso mawu a Victor Gotbaum, amene ankatsogolera bungwe lalikulu la ogwira ntchito mu mzinda wa New York. Mu 1975 ananena poyera kuti iwo ali ndi mphamvu yodzisankhira bwana wawo. Iye ankanyadira, koma adani ake anatola mawuwo ngati umboni pa mlandu.

Ngati mukufuna kuona pamene mfundoyi inasanduka lamulo, yang'anani Wisconsin mu 2011.

Nasibeko: Wisconsin mu 2011 ndinaliko. Ndinali pa sukulu ku Madison, likulu la chigawocho, ndipo ndinagonako masiku awiri pansi m'nyumba ya malamulo muja, pa simenti yozizira, ndi jekete ngati pilo. Ndiye ndiloleni ndifotokoze, mundikhululukire kutalikitsa.

Choyamba mudziwe kuti Wisconsin si malo wamba pa nkhani imeneyi. Bungwe la AFSCME, limodzi mwa mabungwe akuluakulu a ogwira ntchito m'boma ku America, linabadwira ku Madison komweko m'zaka za m'ma 1930. Mu 1959 Wisconsin inakhala chigawo choyamba kulola ogwira ntchito m'makhonsolo kukambirana za malipiro kudzera m'mabungwe. Boma lalikulu la ku Washington linatsatira pambuyo, mu 1962, nthawi ya Kennedy. Ndiye Scott Walker, kavana wa Republican, anakathyola mtengo pamene unamera.

Analowa ukavana mu Januwale 2011. Mu February anabweretsa bilu, amene pambuyo pake anatchedwa Act 10, akuti boma likuyembekezera kuperewera kwa madola 3.6 biliyoni pa bajeti ya zaka ziwiri. Zina mwa zimene zinali m'katimo anthu ambiri akanazimeza: ogwira ntchito azisonkha pafupifupi 5.8 peresenti ya malipiro awo ku penshoni, ndi 12.6 peresenti ya mtengo wa inshulansi ya kuchipatala. Kale ambiri sankasonkha kanthu kapena ankasonkha pang'ono. Atsogoleri a mabungwe akuluakulu ananena poyera kuti ndalamazo alola. Chimene chinatikokera mumsewu ndi zinazo. Bungwe lisakambiranenso za maola, za tchuthi, za kuchuluka kwa ana m'kalasi, za mmene munthu angachotsedwere ntchito. Lizingokambirana malipiro okha, ndipo asakwere kuposa mmene mitengo ya zinthu yakwerera pokhapokha anthu a m'deralo atavota kuvomereza. Boma lisiye kudula ndalama ya umembala pa malipiro. Ndipo chaka chilichonse bungwe lizivoteredwa kuti likhalepobe, lipeze 51 peresenti ya antchito onse, osati ya amene avota. Amene wadwala tsiku limenelo, kapena waiwala, amamuwerenga ngati wakana.

Walker yemweyo anawina ukavana ndi mavoti 52 peresenti a anthu amene anapita kukavota. Akanamuyeza ndi mlingo umene anaikira mabungwe, sakanaona mpando.

Kamdothi: Asisi, munagona mu Parliament? Kuno mungofika pa geti utsi wokhetsa misozi wayamba kale.

Nasibeko: Tinagona ndithu, ng'oma zikulira usiku onse, kunja chipale chili mbuu. Loweruka lina anthu anakwana pafupifupi 100,000 kuzungulira nyumbayo. Kamalo kena kogulitsa pizza pafupi pomwepo, Ian's, kankalandira mafoni kuchokera m'mayiko akutali, ngakhale ku Egypt, anthu kulipirira chakudya cha ochita zionetsero. Ine pizza ndinaidya mpaka kuida.

Koma chosekesa kwambiri chinali cha maseneta. A Republican analipo 19, a Democrat 14. Bilu yokhudza ndalama imafuna maseneta 20 m'nyumba kuti avote. Ndiye onse 14 anakwera magalimoto n'kuthawira ku Illinois, kumene apolisi a Wisconsin sakanatha kukawatenga. Anakhala kumeneko pafupifupi masabata atatu. A Republican ataona choncho anachotsa mbali za ndalama mu biluyo, n'kuvota okha, ndipo Walker anasaina pa 11 March.

Mbwiye wa ku Chicago: Taonani pamenepo. Walker ankati cholinga ndi bajeti, koma kuti biluyo idutse anachotsamo za bajeti. Ngakhale ine amene ndimamvetsa mbali ya ma conservative, pamenepo ndimaseka.

Komabe asisi, mwasiya mbali ina. Anthu anasonkhanitsa masiginecha oposa 900,000 kuti Walker achotsedwe nthawi yake isanathe. Chisankho chinachitika pa 5 June 2012, ndipo Walker anagonjetsanso Tom Barrett wa Democrat, amene anapikisana naye mu 2010, 53 kwa 46 peresenti, kusiyana kokulirapo kuposa mu 2010. Anakhala kavana woyamba m'mbiri ya America kupulumuka chisankho chotere. Mu 2014 anawinanso. Ndiye anthu wamba a ku Wisconsin, ogwira m'mafakitale ndi alimi a ng'ombe za mkaka, amene penshoni amadzisungira okha, anamva zimene ankanena.

Jekapu wa ku South Bend: Ndi zimenezotu. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, pa kampani wamba. Penshoni yanga ndi imene ndadzisungira ndekha, msika ukagwa nayonso yagwa. Inshulansi ya kuchipatala amandidula yambiri ndithu. Ndiye wina akamalira kuti amuuza asonkhe 12.6 peresenti, ine ndimati bwera udzaone kwathu kuno. Kuno ku Indiana kavana Mitch Daniels anathetsa zokambirana ndi mabungwe a ogwira ntchito m'boma mu 2005, atangolowa kumene, ndi cholembera basi. Misewu ikukonzedwabe, maofesi akutsegulidwabe.

Aphunzitsi Opuma, Dedza: Bambo, mawu anuwa ndi amene andale amawafuna. Inu akuponderezani, m'malo mofunsa kuti ine bwanji ndilibe, mukufunsa kuti uyu bwanji ali nazo. Nkhuku ziwiri zikujomphana, mwini mpeni akunola.

Nasibeko: Aphunzitsi mwalasa. Ndipo si zongoganizira. Kuli kanema wa mu Januwale 2011, Walker akucheza ndi mayi wina wolemera kwambiri amene ankamuthandiza ndi ndalama za kampeni, Diane Hendricks. Mayiyo anamufunsa za kufooketsa mabungwe onse, iye n'kuyankha kuti ayamba ndi a m'boma, awagawanitse kaye. Mu 2015 anasainadi lamulo lofooketsa mabungwe a m'makampani wamba. Amene ankaombera m'manja mu 2011 poganiza kuti moto uli kwa aneba, unawapeza.

Mbwiye wa ku Chicago: Chabwino, cholinga cha Walker chinali ndale, ndavomera. Koma munthu woipa mtima amathanso kuloza chilonda chenicheni. Ndiloleni ndikuuzeni za kuno ku Illinois, kumene maseneta aja anathawira, chifukwa kuno ndi kumene ma conservative amaloza akafuna kuwopseza anthu.

Ine ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, ndiye ndikaona manambala a penshoni za chigawo chino mutu umandiwawa. Ndalama imene boma linalonjeza ogwira ntchito koma palibe m'thumba ndi pafupifupi madola 140 biliyoni, pa mathumba asanu a chigawo okha, osawerengera a mzinda wa Chicago. Amene analembedwa ntchito chisanafike chaka cha 2011, akapuma, penshoni yawo imakwera ndi 3 peresenti chaka ndi chaka, yowonjezera pa yowonjezera, kaya mitengo yakwera kaya ayi. Ndiye malamulo aakulu a chigawo, a mu 1970, ali ndi chiganizo chonena kuti penshoni ya wogwira ntchito m'boma siingachepetsedwe. Mu 2013 aphungu, a Democrat amenewo, anayesa kuchepetsako. Mu 2015 khoti lalikulu la Illinois linakana, majaji onse mogwirizana.

Mfundo ya ma conservative apa ndi yakuthwa. Wandale akakweza malipiro, ndalama ikufunika chaka chomwecho, anthu aona. Akalonjeza penshoni, ndalama idzafunika patapita zaka 25, iye atapuma kale kapena ali kumanda. Ndiye pa tebulo paja onse awiri amakonda penshoni: bungwe likauza mamembala kuti tawina, wandale akauza ovota kuti bajeti ili bwino. Wolipira ndi mwana amene pano ali ku mkaka. Ine msonkho wa kanyumba kanga kuno ndikakuuzani mukhoza kuganiza kuti ndi lendi.

Nasibeko: Achimwene, nanga dzenjelo anakumba ndani? Aphunzitsi a ku Illinois amadulidwa 9 peresenti mwezi ndi mwezi, sanaphonyepo. Amene ankadumpha kuika gawo lake ndi boma. Ndondomeko ya mu 1994, ya kavana Jim Edgar wa Republican, inakankhira malipiro aakulu kutsogolo. Kavana Blagojevich wa Democrat anachepetsanso zoika m'thumbamo. Ndipo aphunzitsi amenewo sapeza Social Security, penshoni ya boma lalikulu la dziko lonse, pa ntchito ya uphunzitsi, penshoniyo ndiye zonse.

Ndiyeno taonani izi: thumba la penshoni la Wisconsin, pamene Walker ankalira, linali limodzi mwa athanzi kwambiri mu America yense, pafupifupi lodzaza. Mabungwe analipo, amphamvu, zaka 50, koma dzenje kunalibe. Chifukwa kumeneko boma linkaika gawo lake, ndipo msika ukagwa opuma nawonso amachepetsedwa zowonjezera zija. Ndiye ngati mabungwe ndi amene amakumba maenje, bwanji ku Wisconsin sanakumbe?

Mbwiye wa ku Chicago: Funso labwino, ndipo sindilithawa. Wisconsin inapanga thumba lake mwanzeru. Koma ku Illinois, pamene andale ankadumpha kuika ndalama, mabungwe anapitiriza kuwathandiza pa zisankho. Ankadziwa kuti malamulo aakulu akuwateteza, ndalama ipezeka basi, olo misewu ndi masukulu zivutike. Galu amene sauwa mbala ikulowa chifukwa mbale yake ili yodzaza, ameneyo ndi mlonda?

Wa ku Joni: Moni nonse, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Zodzisankhira bwanazo kuno ku South Africa sizibisika n'komwe. COSATU, mgwirizano waukulu wa mabungwe a antchito kuno, ili pamodzi ndi chipani cha ANC poyera, ndipo mabungwe a aphunzitsi ndi a m'zipatala ali momwemo. Atsogoleri a mabungwe ena amathera mu nduna. Mu 2010, World Cup itangotha, ogwira ntchito m'boma ananyanyala pafupifupi masabata atatu, mpaka asilikali anakathandiza m'zipatala. Ine mkazi wanga anali woyembekezera nthawi imeneyo, tinabwezedwa pa geti la chipatala china ndi anthu oimba nyimbo. Bwana wamkulu sanamve kuwawa, iye amapita ku chipatala cholipira. Tinamva kuwawa ndife.

Aphunzitsi Opuma, Dedza: Pepani bambo, zimenezo n'zowawa. Ine sitalaka ya m'chipatala sindinaikondepo.

Koma ndikuuzeni za ife. Mu February 2013, nthawi ya mayi Joyce Banda, kwacha itagwetsedwa mu 2012, malipiro athu anasanduka madzi. Tinalemba makalata, palibe anayankha. Titanyanyala pafupifupi masabata awiri, mpaka bwalo la ndege la Kamuzu kutsekedwa, m'pamene olandira zochepa anawonjezeredwa 61 peresenti. Popanda CSTU ndi TUM, mabungwe a ogwira ntchito m'boma ndi aphunzitsi, tikanalandira chiyani? Mawu akuti "boma likuganizira". Ine ndinakhalapo miyezi isanu ndi umodzi dzina langa litasowa pa ndandanda wa malipiro, ndikukwera minibasi kupita ku ofesi ina sabata ndi sabata, kalaliki akundiuza kuti faelo sikuoneka. Anaipeza tsiku limene wa bungwe anapita nane. Kuno ife bwana sitimusankha ayi. Timamuvotera, iye n'kutiiwala.

Mbwiye wa ku Chicago: Aphunzitsi, ulemu wanu. Kwathu ndi kuno n'zosiyana, ndikuvomera. Kwathu bungwe limamenyera kuti ndalama imene mwaigwirira kale ntchito ifike. Kuno mabungwe akuluakulu a aphunzitsi ali m'gulu la othandiza kwambiri chipani cha Democrat ndi ndalama komanso anthu ogogoda makomo. Ndipo zisankho za komiti yoyendetsa masukulu a m'dera anthu amavota ochepa kwambiri, ndiye bungwe likatulutsa mamembala ake ndi mabanja awo, lasankha amene adzasaine kontrakiti yawo.

Jekapu wa ku South Bend: Mnzanga uja anandiuzanso nkhani ya mphunzitsi wina wachitsikana ku Milwaukee amene analandira mphoto ya mphunzitsi watsopano wochita bwino, pasanapite nthawi n'kulandira kalata yomuchotsa ntchito chifukwa anali womaliza kulowa. Ndi zoona?

Nasibeko: Ndi zoona, zinachitika mu 2010, ndipo Walker ankaitchula paliponse, ngakhale mwini wakeyo sanasangalale kuti amugwiritse ntchito pa ndale. Lamulo lakuti wolowa pomaliza ndiye woyamba kutuluka ine sindiliikira kumbuyo. Linali loipa. Panalinso nkhani ya inshulansi: madera ambiri ankagula inshulansi ya aphunzitsi ku WEA Trust, kampani imene inayambitsidwa ndi bungwe la aphunzitsi lomwelo, chifukwa kontrakiti inkatero. Act 10 itabwera madera ena anasintha n'kupulumutsa ndalama. Zimenezo ndi zoona, ndipo a mbali yathu amalakwa akamazikana.

Koma bajeti yomweyo ya 2011 inadula pafupifupi madola 800 miliyoni ku masukulu. Ndiye zimene amati "tapulumutsa" zinali zotseka dzenje limene anakumba okha, ndipo dothi lake linachokera m'matumba a aphunzitsi. Chaka chimenecho aphunzitsi akale anapuma ambirimbiri nthawi imodzi. Pambuyo pake madera olemera anayamba kukopa aphunzitsi abwino a masamu ndi sayansi ndi ndalama zambiri, madera a kumidzi n'kutsala opanda. Ena amati umenewo ndi msika ukugwira ntchito, mphunzitsi wabwino alandire zambiri. Mwina. Koma mwana wa kumudzi kumpoto kwa Wisconsin sanapindule nawo msikawo.

Kamdothi: Ine funso langa ndi limodzi. Apolisi nawo anawathyola?

Nasibeko: Kamdothi, lero wafunsa za nzeru. Ayi! Apolisi ambiri ndi ozimitsa moto anawasiya osawakhudza. Walker ankati sangaike chitetezo cha anthu pachiswe ngati iwo atanyanyala. Koma mabungwe a apolisi ndi ozimitsa moto a ku Milwaukee, ndi la apolisi a pamsewu a chigawo, anamuthandiza pa chisankho cha 2010. Kunena chilungamo, bungwe lalikulu la apolisi m'chigawo chonse linali kwa Barrett, nalonso linapulumuka. Ozimitsa moto ankabwera ku zionetsero zathu atavala zipewa zawo, akuimba zitoliro za chi Scotland zija, anthu kulira misozi.

Apa ndi pamene mfundo ya mnzawo wa achimwene a Jekapu imatsimphina. Ngati vuto ndi lakuti wogwira ntchito m'boma amadzisankhira bwana ndipo woipa sachotsedwa, palibe bungwe limene limateteza woipa kuposa la apolisi. Derek Chauvin, amene anapha George Floyd ku Minneapolis mu 2020, anali ndi madandaulo oposa khumi pa faelo yake ndipo anali pa ntchitobe. Mphunzitsi waulesi amawononga chaka cha mwana. Wapolisi woipa amapha.

Mbwiye wa ku Chicago: Apa tagwirizana, asisi. Ndipo alipo ma conservative, makamaka amene amadana ndi boma lalikulu mwa mtundu uliwonse, amene amanena zomwezo, kuti apolisi asasiyidwe. Koma andale awo amaopa. Kavana John Kasich ku Ohio anayesa chaka chomwecho cha 2011, lamulo lake linakhudza apolisi ndi ozimitsa moto omwe. Mu November anthu anavota n'kulikana, oposa 60 peresenti. Walker anawasiya, n'kupulumuka. Phunziro limene andale anatolapo mukulidziwa.

Koma kusiyanitsa komweko ndi kumene kwadzawapweteka. Mu December 2024 jaji Jacob Frost wa ku Dane County, dera limene kuli Madison, anagamula kuti mbali zambiri za Act 10 n'zosemphana ndi malamulo aakulu a chigawo, chifukwa palibe chifukwa chomveka chimene apolisi ena anapulumukira pamene ena, monga olondera nyumba ya malamulo ndi a m'mayunivesite, anaikidwa pamodzi ndi aphunzitsi. A Republican anachita apilo, chigamulocho n'kuimitsidwa kaye. Mlandu suwola.

Jekapu wa ku South Bend: Ndiye mwati ndikamuyankhe chiyani mzungu wanga?

Nasibeko: Mukamufunse ngati ali wokonzeka kuthetsa bungwe la apolisi a m'tauni mwake. Akayamba kukanda mutu mudzatiuze.

Mbwiye wa ku Chicago: Ndipo akayankha kuti inde, mudzakhala mulibe chonena, chifukwa mfundo yake idzakhala yaima bwino. Ine pamene ndaima ndi apa: malipiro akambirane, chitetezo pa ntchito akambirane, koma penshoni isalonjezedwe popanda kuika ndalama yake chaka chomwecho, ndipo wogwira ntchito woipa achotsedwe mwachangu, kaya wanyamula choko kaya mfuti. Walker anapitirira pamenepo, anafuna kupha bungwe lenilenilo. Ndipo anakwanitsa ndithu: bungwe la aphunzitsi la WEAC linali ndi mamembala pafupifupi 98,000, patangopita zaka zochepa linatsala ndi osakwana theka.

Aphunzitsi Opuma, Dedza: Nanga Walkeryo ali kuti lero?

Nasibeko: Anafuna upulezidenti mu 2015, anasiya chisankho cha chipani chisanayambe n'komwe. Mu 2018 anagwa pa ukavana. Anamugwetsa Tony Evers, amene anayamba ngati mphunzitsi wa sayansi, kenako mkulu wa zamaphunziro m'chigawo.

Aphunzitsi Opuma, Dedza: Mphunzitsi! Basi, ndikagona bwino lero.

Mbwiye wa ku Chicago: Musagone msanga aphunzitsi, Evers sanathe kulichotsa lamulolo chifukwa aphungu ambiri anakhalabe a Republican. Ndipo chaka chomwecho cha 2018 mabungwe analandira nkhonya ina yaikulu, ya dziko lonse. Bambo wina wa kuno ku Illinois, Mark Janus, wogwira ntchito m'boma yoona za chithandizo cha ana, sanali membala wa AFSCME koma ankadulidwa pafupifupi madola 45 pamwezi, akuti ndi gawo lake pa ntchito yokambirana kontrakiti imene nayenso ankapindula nayo. Iye anati kukambirana ndi boma za malipiro ndi penshoni ndi ndale kale, ndiye kumukakamiza kulipira n'kumukakamiza kulankhula zimene sagwirizana nazo. Pa 27 June 2018 khoti lalikulu la America linagwirizana naye, majaji 5 kwa 4, n'kugwetsa chigamulo cha mu 1977 chimene chinkalola zimenezo. Kuyambira pamenepo palibe wogwira ntchito m'boma amene angadulidwe asanavomere. Koma bungwe likuyenerabe kumuimira, chifukwa kontrakiti ndi ya onse.

Aphunzitsi Opuma, Dedza: Ndiye kudya nawo nsima ya pa maliro osasonkha ufa kumeneko. Tinali nawo otere pa sukulu pathu. Tikanyanyala iwo amalowa m'kalasi kuti ahedi awaone, ndalama ikakwera ali patsogolo pa mzere ku banki.

Jekapu wa ku South Bend: Koma aphunzitsi, ngati bungwe likuthandiza chipani chimene inu simuchifuna, ndi ndalama yanu?

Aphunzitsi Opuma, Dedza: Mupite ku msonkhano mukawachotse atsogoleriwo. Nanga boma likamagula magalimoto a nduna ndi msonkho wanu mumasiya kukhoma?

Nasibeko: Ndipo chodabwitsa, chaka chomwecho cha Janus, aphunzitsi a ku West Virginia, chigawo chimene chinavotera Trump kwambiri ndipo lamulo silola sitalaka ya ogwira ntchito m'boma, anatseka masukulu m'maboma onse 55 kwa masiku asanu ndi anayi, n'kupeza 5 peresenti. Oklahoma ndi Arizona anatsatira. Ukachotsa tebulo anthu sasiya kumva njala, amangopita kumsewu.

Wa ku Joni: Kumsewu komweko n'kumene mkazi wanga anabwezedwa, mayi.

Nasibeko: Ndamva, bambo. Pa zimenezo ndilibe yankho labwino.

Kamdothi: Kunonso paja mu 2021 anasintha lamulo, mukanyanyala kupitirira masiku atatu pa chaka bwana ali ndi ufulu wokudulani malipiro. A Walker athu tili nawo, sanafune n'komwe pizza.

Mayi Tcheya: Zokambirana zabwino, ndipo lero palibe watukwana, ndathokoza. Ndikukumbutseni kuti chopereka cha thumba la zovuta cha mwezi uno chitseka Lachisanu. Mayina asanu sanapereke, ena mwa iwo alankhula kwambiri pano.

Kamdothi: Mayi Tcheya, khoti lalikulu la America linati munthu asakakamizidwe, 5 kwa 4.

Mayi Tcheya: Ukadzadwala tidzaitana majaji asanuwo adzakuone kuchipatala. Nambala ya Mpamba ndi yomwe ija.

Jekapu wa ku South Bend: Yanga nditumiza mawa ndikaweruka. Mzungu uja tili shifiti imodzi Lolemba, ndikamufunsa za apolisi.